Chingwe N'chimodzi

Zaka makumi awiri ndi zinayi ndakhala pachitsulo ichi,
kukweza anthu a ku Valparaíso paphiri lawo.
Zikepe n'ziwiri, chingwe n'chimodzi:
china chikamakwera, chinzake chimatsika.
Alendo amajambula nyumba zamitundumitundu,
ine ndimamvetsera chingwe.

Bere lakumanzere linatsala kuchipatala cha kumunsi kwa phiri.
Ndinabwerako ndi chipsera ngati zipi yosokedwa mothamanga
ndi kapiritsi koyera, kochepa ngati batani la malaya a Nibaldo.
Kamodzi patsiku, zaka zisanu, mwina khumi.
Dokotala Barría anayankhula akusewera ndi cholembera:
"Kameneka kamakhoma chitseko kuti khansa isabwerere kubere.
Koma chiberekero chimakamva mosiyana.
Kumeneko kakhoza kutsegula zenera."
Ndinati, zenera lake n'lalikulu bwanji?
"Laling'ono, mayi Eliana. Mwa amayi chikwi, ndi owerengeka.
Amene kamawapulumutsa ndiwo ambiri."
Ndinangovomera.
Masamu a chingwe ndimawadziwa.

Chaka chachitatu, mu Julayi,
nkhungu itameza sitima zonse padoko,
ndinapeza kadontho pakabudula wamkati,
kofiirira ngati dzimbiri lapanjanji.
Ine, amene ndinasiya kusamba Maite adakali kusukulu!
Ndinachapa. Ndinayanika kuseri kwa chitseko.
Mawa lake, kena.
Masiku asanu ndi anayi ndinakhala chete,
kudula matikiti, kumwetulira ana,
kuwotcha buledi, kunena kuti ndili bwino.

Tsiku lakhumi ndinaona kawaya kamodzi
katathothoka pachingwe, kochepa ngati imvi.
Ndinaimitsa zonse.
Mzere wa anthu unafika mpaka kwa ogulitsa nsomba,
ena akutukwana, ena akuloza mawotchi.
Sindinagwedezeke. Kawaya kamodzi sikanama.
Kenako manyazi anandigwira pakhosi:
chitsulo cha boma ndimachimvera,
nanga thupi langa lino?

Mafuta awo ojambulira ndi ozizira ngati madzi a nyanja yathu.
Pagalasi panaoneka imvi zokhazokha, mitambo, mapanga.
"Khoma lamkati lakhuthala," anatero.
"Nthawi zambiri sichikhala chinthu. Titapeko pang'ono tiyeze."
Anatapa. Ndinaluma mkono wa juzi.

Ndinafunsa za timatumba ta mazira.
Azakhali anga Orfelina anatupa mimba ngati ng'oma,
anapita pa miyezi inayi, matendawo osatchulidwa dzina.
Barría anaika cholembera pansi.
"Imeneyo ndi njira ina. Kawirikawiri siidzera m'piritsi,
imadzera m'magazi a kumtundu.
Munayenera kundiuza kale. Maite ali ndi zaka zingati?"
Apo m'pamene ndinalira.
Bere sindinalilire, tsitsi sindinalilire,
koma dzina la mwana wanga m'kamwa mwa dokotala.

Zotsatira Lachinayi.
Lero ndi Lolemba, chingwe chatsopano chikununkha girizi.
Nibaldo wandilongedzera tiyi m'botolo,
waiwala shuga, sindimuuza.
Pakati pa phiri pali malo amene zikepe zimakumana,
kamphindi chabe, zenera kuyang'ana zenera.
Okwera amaona otsika, otsika amaona okwera,
mwana wina amakweza dzanja.
Sindidziwa kuti ndili m'chiti.

Usiku ndimakaika pachikhato, kapiritsi kaja.
Sindikada. Sindikapembedza.
Kandisungira zaka zitatu za mphepo yapadoko,
ukwati wa Maite, nsapato zake zopweteka,
mandimu awiri a mtengo umene aliyense anautaya mtima.
Ngati kali ndi ngongole, tikambirana Lachinayi.
Dokotala anati ndisasiye ndekha,
ndiye ndameza.

Kunja agalu a paphiri akuyankhizana.
Kumunsi sitima ina ikulira, yosaoneka,
ikufunsa njira m'nkhungu.